Maluwa a pamiyala m'ng'anjo ya ku Chikwawa

Pafoni duwa lililonse limaoneka ngati lingamere paliponse. Mukangofufuza pa Pinterest kapena pa TikTok za maluwa osalira madzi ambiri, zithunzi zoyamba kutuluka zimakhala za timaluwa tina toyanga pansi, tapinki ndi tachikasu, titadzaza m'mipata ya miyala ngati kapeti. Azungu amatitcha ice plant. Pansi pa chithunzicho amalembapo kuti timaluwati n'tolimba, sitifa wamba.

Msuweni wanga, yemwe amaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Ngabu, anawerenga mawu amenewa n'kuwakhulupirira. Nyumba anali atangomaliza kumanga ndi ngongole, kapinga anali atamukanika kawiri, ndipo pabwalo panali fumbi lokhalokha. Anagula nthambi zodzaza jumbo kwa ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu ku Blantyre, anadzala mu Novembala, ndipo pofika kumapeto kwa Januwale panangotsala timizere takuda pathope, tonunkha ngati ndiwo zogona. Ananditumizira chithunzi pa WhatsApp ndi funso limodzi lokha: "Ndiye kulimbako n'kumeneku?"

Ndinatsikira kuchigwa mu Julaye kukaona ndekha.

Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 basi, koma zimakhala ngati wadutsa malire a dziko. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe chigwa chili pa mamita pafupifupi 100. Kusiyana konseko minibasi imakutsika m'makona ochepa, mabuleki akununkha, makutu akutseka, amayi ena akupemphera chamumtima. Pakona ina chigwa chimaonekera chonse pansipo, Shire akunyezimira ngati lata latsopano. Juzi yomwe ndinavala pokwera ndinaivula tisanafike pa Thabwa, chonsecho eni ake kumeneko amati Julaye ndi mwezi wozizira. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo anthu amagona panja.

Mukaoloka mlatho wa Kamuzu n'kudutsa Dyeratu ndi Bereu, yang'anani pawindo. Chakufupi ndi Nchalo minda ya nzimbe ya Illovo imabiriwira mpaka kumene maso alekezera, koma kubiriwirako kumathera ndendende pamene madzi othirira athera. Tsidya linalo ndi udzu wouma, mbuzi, ng'ombe ndi milambe. Milambeyo ndiyo inandichititsa chidwi paulendowu, chifukwa mlambe ndi m'gulu lomwelo la zomera zomwe msuweni wanga amafuna, zosunga madzi m'thupi. Thunthu lake ndi thanki. N'chifukwa chake njovu zimalisenda ndi kulitafuna chilimwe chikafika povuta. Chigwachi sichisowa zomera zodziwa kusunga madzi. Chili ndi chachikulu kwambiri mwa zonse, chayima m'mbali mwa msewu, ana akugenda malambe ake.

Nanga timaluwa ta pafoni tija tinafa bwanji?

Kwawo kwa timaluwati si kutali kwenikweni. Banja lake akatswiri amalitcha Aizoaceae, lili ndi mitundu pafupifupi 1,800, ndipo yambiri imamera ku South Africa ndi Namibia, makamaka m'madera ouma a Karoo ndi Namaqualand. Olankhula Chiafrikaans amati vygie, kutanthauza kankhuyu, chifukwa cha tizipatso take. Dzina lonena za ayezi lija linachokera ku mtundu umodzi, Mesembryanthemum crystallinum, womwe masamba ake ali ndi timatuza tamadzi tonyezimira ngati tazizidwa mufiliji. Koma tomwe tadzaza pa intaneti kwambiri ndi ta mtundu wa Delosperma, monga Delosperma cooperi, tochokera kumtunda kwa Free State ndi kumapiri a Lesotho, kumene kumagwa chisanu. M'zaka za m'ma 1980 munda wa zomera wa Denver Botanic Gardens ku Colorado, m'dziko la America, kudzera mwa katswiri wawo Panayoti Kelaidis, unatchukitsa timaluwati utaona kuti timapulumuka nyengo yozizira ya kumeneko, ngakhale kuzizire kuposa madigiri 15 pansi pa ziro, bola nthaka ikhale youma.

Ndiye kulimba komwe akunena olemba zithunzi zija n'kopirira chisanu. Munthu wa ku Ngabu chisanu anachiona kuti? Mawuwo ndi oona, koma akuyankha funso la munthu wa ku Colorado.

Mavuto a kuchigwa ndi ena, ndipo loyamba lili pansi. Dothi la chigawo cha Ngabu ndi makande, lakuda lija lomwe thonje limakonda. M'chilimwe limang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Mvula ikagwa limatupa, limatseka, n'kusunga madzi ngati beseni. Mvula ya kuno si yambiri, mamilimita 700 mpaka 800 pachaka, koma pafupifupi yonse imagwa pakati pa Disembala ndi Malichi, nthawi zina ya mwezi wathunthu m'masiku atatu. Onjezani madzi otsika m'mapiri. Aliyense kuno amawerenga zaka ndi madzi osefukira: a mu Januwale 2015, a Idai mu Malichi 2019, a namondwe wa Ana mu Januwale 2022 yemwe anawononga damu la Kapichira dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi, kenako Freddy mu Malichi 2023. Mizu ya chomera chosunga madzi ikakhala m'thope lofunda masiku awiri kapena atatu, yawola basi.

Vuto lachiwiri ndi usiku. Zomera zambiri za m'gululi zimatseka timabowo ta m'masamba masana kuti madzi asathawe, n'kutitsegula usiku kuti zikoke mpweya. Njira imeneyi imayenda bwino kumene usiku kumazizira. Kuchigwa mu Januwale usiku kumakhala kotentha ndi chinyontho ngati m'bafa, ndipo kachomera ka m'mapiri a Lesotho kamangofooka mpaka matenda a nkhungu atakamaliza. Lachitatu ndi madzi othirira. Mijigo yambiri m'boma la Chikwawa imatulutsa madzi amchere; wa pafupi ndi kwa msuweni wanga ukamwa madzi ake ludzu limachita ngati lawonjezeka, ndipo pomwe wathira, pakauma pamasiya zoyera pamwamba. Madzi abwino amachokera kutali, pamutu kapena panjinga, ndipo palibe angawatayire pamaluwa ana asanamwe.

Yankho tinalipeza nyumba yachinayi kuchokera pake. Pali agogo ena aamuna, a zaka za m'ma 70, omwe anagwira ntchito yosamalira maluwa m'mayadi a ku Harare zaka zambiri asanabwerere kumudzi. Kum'mawa kwa nyumba yawo kuli kachulu ka miyala kofika m'bondo, kotalika ngati mphasa ziwiri. Mu Julaye muja, mudzi wonse uli mbuu, kachuluko kanali kofiira ndi maluwa a aloe, timbalame ta milomo yaitali tikulimbirana timadzi take.

Tinapereka moni, anatiyalira mphasa. Msuweni wanga anawaonetsa chithunzi cha thope lija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataitalikitsa ndi maso.

"Aphunzitsi, maluwa amenewa safa ndi ludzu ayi. Amafa ndi kukhuta. Inu munawadzala pansi ngati bonongwe."

"Nanga ndikanatani, agogo? Dothi ndi lomweli."

"Dothi mulisiye pansipo. Maluwawo muwakweze."

Anatifotokozera kuti nzeruyi anaitola ku Ewanrigg, munda wa zomera womwe uli kunja pang'ono kwa Harare, wotchuka ndi mitundu yambirimbiri ya aloe yodzalidwa pakati pa miyala. Anauyambitsa ndi Harold Basil Christian, ndipo mtundu wina wa aloe womwe umameranso kuno ku Malawi, Aloe christianii, unatchedwa dzina lake. Agogowo za mayina Achilatini analibe nazo ntchito. Chomwe anabwera nacho n'chakuti mwala pamunda wotere suikidwa kuti ukongoletse. Umagwira mchenga kuti usakokoloke, umapereka mthunzi ku mizu, ndipo umachititsa kuti madzi a mvula atsike msanga osaima pakhosi pa chomera.

Masiku awiri otsatira tinamanga kathu, iwo akutilozera ndi ndodo. Ndilemba mmene tinachitira chifukwa ambiri a inu amene mwayamba ntchito kuchigwa, ku Salima, ku Mangochi kapena ku Karonga mungakumane ndi zomwezi.

Malo tinasankha kum'mawa kwa nyumba, komwe dzuwa limawomba m'mawa koma likapendeka khoma limatchinga. Dzuwa la 2 koloko la kuchigwa limawaula ngakhale aloe. Tinatalikira pomwe madzi a padenga amagwera, ndiponso khonde lomwe ana amasewerapo, chifukwa mulu wa miyala ndi nyumba yabwino ya zinkhanira ndi njoka. Pa chifukwa chomwecho agogo anakana kuti tisiye mphako iliyonse. Mpata uliwonse unadzazidwa ndi mchenga n'kutsindiridwa ndi mtengo. Pansi penipeni sitinakumbe. Tinayala zidutswa za njerwa zotsala pomanga nyumba, kukhuthala kwake ngati chikhatho choimika, pamwamba pake miyala ya kwale. Kenako mchenga wokhakhala wa mumtsinje wouma, mawilibala atatu pa wilibala imodzi ya dothi, ndi manyowa a ng'ombe akalekale ochepa kwambiri. Apa tinakangana pang'ono, msuweni wanga akufuna kuwonjezera manyowa poti khola lili pafupi, agogo akukana kuti manyowa ambiri amanenepetsa masamba n'kuwafewetsa, ndiye amawola msanga, komanso amaitana chiswe.

Miyala ikuluikulu tinaikwirira kupitirira theka, yopendekera mkati, kuti izioneka ngati inamera pomwepo. Mwala wongosanjika pamwamba umaoneka ngati manda, ndipo mvula yoyamba imaugubuduza. Anatiuzanso kuti tisankhe yoyererako, chifukwa yakuda imatentha masana moti ikhoza kuphika tsinde lomwe laigunda. Chomaliza chinali mpanda wa minga. Mbuzi ya ku Chikwawa mu Okutobala imadya ngakhale katoni.

Zodzala zonse zinachokera m'mudzi momwemo, osalipira kanthu. Agogo anatipatsa ana a aloe a mitundu iwiri: aloe vera wodziwika uja, yemwe kwawo kwenikweni ndi ku Arabia, ndi wina wa masamba otuwa yemwe amamera m'magulu pamatanthwe m'madera ambiri a dziko lino, Aloe chabaudii. Mayi wina anatizulira chomera cha masamba olimba oima ngati malupanga, Sansevieria, chomwe m'tauni amachigulitsa mumphika pamtengo woti ungagulire nkhuku, chonsecho kuno chimamera chokha pansi pa zitsamba. Nthambi ndi ana onsewa sitinadzale tsiku lomwelo. Zinagona pamthunzi masiku anayi kuti mabala aume, poti bala laliwisi likakhudza dothi lonyowa ndi pomwe kuwola kumayambira. Nthawi yabwino yodzala ndi mvula ikangotha, kuyambira Epulo mpaka Julaye, kuti mizu igwire kusanatenthe. Kuthirira ndi kamodzi pasabata mwezi woyamba, kenako mwa apo ndi apo, ndipo ngati muli ndi mgolo wa madzi a mvula, amenewo ndiwo abwino kuposa a pamjigo.

Koma msuweni wanga amafuna kapeti ya maluwa, osati malupanga. Pamenepa mpomwe panalowa Portulaca grandiflora, timaluwa tija ta masamba ngati timpunga tonenepa, tomasula m'mawa dzuwa likakwera n'kutseka madzulo. Kwawo ndi ku South America, sitili pachibale chenicheni ndi ice plant, koma pachithunzi simungasiyanitse msanga, ndipo kutentha ndiye chakudya chake. Mukathyola kanthambi n'kukabaya mumchenga, sabata isanathe kagwira. Kwa amene akufunabe wa m'banja lenileni la ice plant, amene amayesako kupirira ndi Aptenia cordifolia, wa masamba owala ooneka ngati mtima ndi timaluwa tofiira, wochokera kugombe la kum'mawa kwa South Africa komwe kumagwa mvula yachilimwe ngati kuno. Ameneyu tinamuika m'munsi mwa khoma, pamthunzi. Delosperma ndingamusiyire anzathu a ku Dedza, ku Zomba kumtunda kapena ku Mzuzu, ndiponso kumeneko pamulu wa mchenga, osati pansi.

Agogo analinso ndi kachomera kena ka timinwe tobiriwira topanda masamba, Stapelia, komwe duwa lake ndi lalikulu ngati nyenyezi koma limanunkha nyama yowola kuti liitane ntchentche. Anatipatsa akuseka. Msuweni wanga anathokoza mwaulemu n'kukadzala kuseri kwa chimbudzi.

Ziwiri ndikuchenjezeni. Nkhadze imapirira chilichonse, n'chifukwa chake makolo ankaidzala ngati mpanda, koma utomoni wake ukalowa m'maso ndi nkhani ya kuchipatala; pakhomo pa ana aang'ono isayandikire. China, abale athu ogwira ntchito ku Cape Town amakonda kunyamula nthambi za Carpobrotus edulis, chomera choyanga cha masamba ngati zala chomwe zipatso zake zowawasa amapangira jamu kumeneko. Chomerachi anthu atachipititsa ku California ndi ku Portugal kuti chigwire mchenga, chinalanda magombe n'kupha zomera za komweko, ndipo mpaka lero akuwononga ndalama kuchizula. Sindikuona chifukwa choti tiyesere dala, makamaka m'mbali mwa nyanja yathu.

Tsiku lachinayi tinapita ku Lengwe. Kuchoka pamsewu waukulu chakufupi ndi Nchalo mumadutsa m'minda ya nzimbe, kenako nzimbe zimatha mwadzidzidzi n'kuyamba nkhalango ya zitsamba zothithikana. Malowa anayamba kutetezedwa mu 1928 ndipo anakhala paki mu 1970, makamaka chifukwa cha nyala, nyama yokongola ya mizere yoyera yomwe kumpoto kwa chigwachi siipezeka mwachilengedwe. Alendo ambiri amathamangira ku Majete, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003 n'kubwezeretsa zipembere, njovu ndi mikango. Lengwe ndi wachete, wafumbi, ndipo umafunika kukhala pansi n'kudikira.

Nyala tinaziona padziwe. Koma chomwe chinatiimitsa nthawi yaitali ndi kamtengo kena kofika m'chiuno, kotuwa, kotupa kunsi ngati botolo, kopanda tsamba ngakhale limodzi, nsonga zake zonse zili maluwa oyera a m'mphepete mofiira. Ndi Adenium multiflorum, womwe m'mabuku a alendo amautcha impala lily. Umamasula m'miyezi yozizira, pamene china chilichonse chauma, pogwiritsa ntchito madzi omwe unasunga m'tsinde nthawi ya mvula. Utomoni wake ndi poizoni. Kale alenje a m'madera ena kuno kum'mwera kwa Africa ankapaka pamivi. Ine ndaona zithunzi zambiri za minda ya miyala ya ku America ndi ku Ulaya, koma palibe duwa lomwe linandigwira mtima ngati limeneli, litaima lokha padothi long'ambika. Achibale ake amagulitsidwa m'mashopu a maluwa padziko lonse pa dzina la desert rose, ndipo ku Thailand kuli alimi amene ntchito yawo ndi yomweyi basi.

Apa mpomwe pali ngozi. Msuweni wanga atangouona anati, mwanthabwala, "Bwenzi titabwera ndi khasu." Nthabwala imeneyi kwina inasanduka bizinesi. Ku South Africa, kuyambira cha mu 2019, apolisi alanda zomera zosunga madzi zoposa miliyoni imodzi zokumbidwa mozemba m'tchire, zambiri za mtundu wa Conophytum, timibulu tating'ono ta m'banja lomwelija la ice plant. Zimapita kwa ogula a kunja amene anaziona pa intaneti. Mitundu ina imamera paphiri limodzi lokha padziko lonse, moti anthu ochepa okhala ndi matumba akhoza kuimaliza usiku umodzi. Okumbawo amakhala achinyamata osowa ntchito a m'midzi yapafupi, ndipo ndi amene amamangidwa, ogula ali phee kwawo.

Kuno sizinafike pamenepo, koma msika wa maluwa a m'miphika ukukula m'mizinda yathu, ndipo chigwa chili ndi achinyamata ambiri ofuna ndalama ya lero. Lamulo loteteza nyama zakutchire ndi mapaki limaletsa kuzula chomera chilichonse m'paki, ngakhale kanthambi. Kunja kwa paki lamulo lingakhale lofewerapo, koma Adenium wa tsinde lalikulu ngati ndowa watenga zaka zambiri kuti afike pamenepo, ndipo ambiri okumbidwa amafera m'njira mizu itaduka. Mukaona wina akugulitsa wamkulu, wa zipsera, wopanda mphika, funsani komwe wachokera. Ine sindingagule.

Chosangalatsa n'chakuti palibe chifukwa chokumbira. Aloe amabereka ana chaka chilichonse. Sansevieria mukadula tsamba limodzi zidutswa zinayi, chilichonse chimaphuka. Wachinyamata wa ku Dyeratu kapena ku Nchalo amene angasonkhanitse mabotolo odulidwa, mchenga wa mumtsinje wa Mwanza ndi kamthunzi ka bango akhoza kukhala ndi nazale yosalira madzi ambiri, pamsewu womwe alendo opita ku Majete ndi ku Lengwe amadutsa tsiku lililonse. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yoti izitenga madzi ku Kapichira kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000, ndi ya minda. Pabwalo la mphunzitsi madzi adzapitirira kubwera pamutu kwa zaka zingapo ndithu.

Titabwerako ku Lengwe tinakawauza agogo za kamtengo kaja. Sanayankhe. Anadzuka n'kutitsogolera kuseri kwa nkhokwe, komwe kunali wawo, wobisika kuti ana asamathyole maluwa, wodzalidwa kuchokera ku nthambi yomwe mnzawo anawapatsa. Anati wa nthambi amamasula msanga koma satupa bwino kunsi. Wofuna wa botolo adzale njere. Maluwa akayoyoka pamabwera zipatso ziwiriziwiri zooneka ngati nyanga za mbuzi, ndipo zikauma zimang'ambika, njere zake za ubweya mbali zonse n'kuuluka ndi mphepo. Ndiye iwo amazimanga ndi ulusi wa thumba zisanang'ambike.

"Mudzabwere kukatentha, aphunzitsi, mudzatenge. Koma musadzazisunge mpaka chaka chamawa ngati chimanga ayi. Zikangotuluka, mumchenga."